Abale akum'mawa ndithandizeni, ndifuna kuyamba kuphika ndekha kunja kuno

Mwana wa ku Kapata:

Muli bwanji nonse abale akwathu kulikonse kumene muli. Ine ndine wa ku Chipata, ndinakulira ku Kapata kufupi ndi msika, manje ndili ku England mu tauni ya Leeds, ndigwira ntchito yosamalira okalamba ndipo mashifiti anga ambiri ndi ausiku. Nkhani yanga ndi ya kudya. Chifikireni kuno ndingodalira zophikaphika za mu supamaketi zija mungotenthetsa mu microwave, kapena tchipisi ndi nkhuku za pa takeaway, ndalama ikupita maningi komanso thupi silikumva bwino ayi, mimba ikhuta koma mtima ukhalabe ndi njala.

Ndifuna ndiyambe kuphika ndekha kuyambira pa fulawa penipeni, osati zosakaniziratu za mu paketi. Nsima ndi ndiwo kunyumba ndinali kuphika bwinobwino, koma buledi ndi masikono tinali kungogula, vitumbuwa nazo tinali kutenga kwa amai ena a pa kona m'mawa zikali zotentha, ndiye za fulawa sindinaphunzireko. Kuno buledi ndikakanda safufuma, nyumba ndi yozizira, atuluka wolemera mkati mwake muli nyankhanyankha. Vitumbuwa zikumwa saladi mpaka pepala lonse kunyowa. Ngakhale nsima imene, unga umene ndinapeza mu shopu ya pafupi ndi wachikasu ndipo kakomedwe kake si kaja. Nanga chibwabwa, kalembula, bondwe, mumazipeza kuti inu amene munakhalitsa kuno? Khitchini tigawana anthu anayi, sitovu ndi yamagetsi, uvuni ndi wa fan, malo anga mu filiji ndi shelufu imodzi chabe ndi kabokosi kamodzi mu freezer. Chonde amene mudziwa ndiuzeniko zosavuta, zoti munthu wochoka ku ntchito 8 koloko m'mawa atatopa angakwanitse. Zikomo kwambiri.

Anti a ku Katete:

Mwana wanga takulandira, ine ndili ku Luton, ndinabwera kalekale ana anga akali ang'onoang'ono. Tiyambe ndi unga chifukwa nsima ikakhala bwino zina zonse zitsatira. Wachikasu uja ndi polenta kapena cornmeal, nsima ituluka inde ukaumirira koma ndi chimanga china, sudzakhutira nayo. Chenjeranso ndi kabokosi kolembedwa cornflour, kuno cornflour ndi sitachi yothira mu supu kuti ilimbe, si unga wa nsima olo pang'ono. Semolina ndi tirigu, anzathu a ku Nigeria ndi amene aikonda. Iwe funa shopu ya anthu a ku Africa kapena ya amwenye, ufunse white maize meal. Kawirikawiri upeza wa ku South Africa, Iwisa, White Star kapena Ace, ndiwo ufanana ndi bulekifasiti wa kwathu. Gula thumba la 5 kg kapena 10 kg, timapaketi ting'onoting'ono tija tidula, ukatsegula uthire mu chigubu chotseka bwino chifukwa nyumba za kuno zichita chinyontho nthawi yozizira.

Pa sitovu yamagetsi vuto ndi lakuti mbale yoikapo poto ija sizizira msanga ukachepetsa, ndiye nsima ipserera pansi pamwamba isanapse. Ine ndichita motere, madzi ndiwiritsa mu ketulo, mu poto ndisungunula unga pang'ono ndi madzi ozizira kuti isachite mibulu, ndithira madzi owira aja uku ndikutakasa, ndivundikira phala libwate pa moto wapakati mphindi 10 kapena 15. Apa ndi pamene ambiri afulumira, phala likapanda kupsa nsima imveka unga mkamwa ngakhale uvundule bwanji. Ukayamba kuthira unga wovundulira chepetseratu moto, ukamaliza vundikira kanthawi ipume usanaomole. Poto akhale wa pansi pochindikala. Mthiko ngati sunabwere nawo, masipuni amtengo a kuno athyoka, uitanitse kwa aliyense wobwera kuchokera kwathu pamodzi ndi chipande, sizilemera.

Ndiwo zamasamba zilipo mwana wanga, koma zabisala pa maina ena. Mu supamaketi iliyonse muli spring greens, udule bwino tating'ono, ukazinge ndi anyezi ndi tomato, ndi lepu yemweyo kusiyana pang'ono. Ndiwo ina yotchedwa kale mu Chingerezi nayo ichita koma ndi yolimbirapo, uchotse mitsitsi yapakati. Bondwe upeza kwa amwenye kapena kwa anthu a ku Jamaica, iwo amutcha callaloo. Kalembula ndi mpiru pita ku shopu ya ma Chinese nthawi yotentha. Delele ali mu freezer ya shopu iliyonse ya amwenye, wodulidwa kale, ungothira kasoda kunsonga ya sipuni, ndikuti bicarbonate of soda osati baking powder, ndi tomato ndi mchere, mphindi 10 zakwana. Katapa wosinja kale ali mu freezer ya mashopu a anthu a ku Congo, koma uyu usamufulumizire, awire nthawi yaitali ndithu, masamba a chinangwa osapsa ali ndi ululu. Tomato wa kuno nthawi yozizira ndi madzi okhaokha, ine ndiona bwino kugwiritsa ntchito wa mu chitini, ndi wotchipa ndipo supu ifiira. Chibwabwa chokha ndiye chovuta, chimenecho ndi chodzilimira.

Wobeka wa ku Mchini:

Asisi ine kunja sindinapiteko, ndili konkuno ku Chipata, koma ntchito yanga ndi yomweyi, ndibeka mabanzi ndi masikono ndi kuperekera ma tuntemba, ndiye za fulawa ndingakuuzeniko. Mng'ono wanga ali ku Scotland ndipo anali ndi vuto lomweli, tinakonza pa foni.

Buledi wanu sanalakwe china, akusowa nthawi. Kuno mwezi wa October ndikakanda ndi kuika beseni pakhonde ola limodzi lokha fulawa wafika kale pakamwa pa beseni, koma June kukazizira ndidikira kawiri kuposa apo, nanga kwanuko? Musayang'ane wotchi, yang'anani mtanda, ufufume mpaka ukule kawiri. Chachiwiri ndi mtundu wa fulawa, wa buledi kumeneko alemba strong white bread flour, ndi umene utamuka ndi kugwira mpweya wa yisiti. Plain ndi self raising sungani za masikono ndi makeke.

Muyezo wake nawu. Fulawa 500 g, yisiti kapaketi kamodzi ka 7 g, mchere tiyisipuni imodzi ndi theka, shuga sipuni yaikulu imodzi, saladi masipuni awiri, madzi ofunda 300 ml. Ofunda ndikuti mukaviika chala musamve kuwawa, madzi otentha apha yisiti ndipo akafa palibe chimene mungachite. Mchere ndi yisiti musaziunjike pamodzi, sakanizani kaye mchere mu fulawa. Kandani mphindi 10 zathunthu pa tebulo, kukankha ndi chikhatho, kupinda, kutembenuza, poyamba amata m'manja ndipo mtima ufuna kuonjezera fulawa, limbani mtima musaonjezere, buledi wolemera ayambira pomwepo. Mudzaona yekha asalala ndi kuleka kumata. Muike mu mbale yopaka mafuta, vundikirani, ikani mu uvuni wozima pamodzi ndi kambale ka madzi owira pansi pake, mwapanga October wanu. Akafufuma muphwetseni, muumbe, muike mu chitini, afufumenso kachiwiri mpaka atulukire pamwamba pa chitini, apa anthu ambiri adumpha. Uvuni muyatsiretu utenthe buledi asanalowe, wa fan pa madigiri 200, wopanda fan 220, mphindi 30. Mukamutulutsa gogodani kunsi kwake, wakupsa alira ngati ng'oma. Musadule akali wotentha, mkati mukhala mukali kupsa, nyankhanyankha zija nthawi zina ndi kufulumira ndi mpeni chabe.

Popeza mugwira usiku chitani izi, kandani madzulo musanapite ku ntchito, vundikirani bwino muike mu filiji. Yisiti mu filiji safa, angoyenda pang'onopang'ono. Pobwera m'mawa mutulutse, muumbe, musambe mupumeko uku akufufuma, ndiye mubeke. Wotere akoma kuposa wofulumira.

Vitumbuwa kumwa saladi ndiye kuti mafuta sanatenthe, kapena mwaponya zambiri nthawi imodzi mafuta n'kuzizira. Fulawa wa plain 500 g, yisiti 7 g, shuga masipuni asanu, kamchere, madzi ofunda pafupifupi 400 ml, chikhale chiphala cholimba choti mukatapa ndi dzanja chitsike mwaulesi. Chifufume mpaka thovu lioneke pamwamba. Poyesa mafuta donthezani kachidutswa, kakamira ndi kubwera pamwamba posachedwa kakuchita thovu ndiye bwino, kakakhala pansi dikirani, kakada pomwepo moto wachuluka ndipo zidzapsa kunja mkati muli mwauwisi. Amene ali ndi choyezera kutentha ndi madigiri 170 mpaka 180. Ponyani zinayi zisanu basi. Ndipo chonde musachoke pa sitovu mafuta ali pamoto, mukatopa ndi shifiti siyani mudzakazinge tsiku la off. Mafuta akayaka musathire madzi, zimitsani sitovu muvundikire ndi chivundikiro.

Masikono ndiye osavuta kuposa zonse, alibe yisiti alibe kudikira. Self raising 250 g, majarini 60 g wozizira mufikise ndi nsonga za zala mpaka asowe mu fulawa, shuga masipuni awiri, kamchere, mkaka pafupifupi 150 ml. Awa musakande, kungosonkhanitsa chabe, mukawakanda alimba. Muwadule ochindikala, 200 pa fan, mphindi 12 mpaka 15. Ine malaiti akapita ndibekera pa mbaula, makala pang'ono pansi, ambiri pamwamba pa lata, ndipo atuluka ndithu, ndiye inu ndi uvuni wa manambala simungalephere asisi.

Malume a ku Joni:

Mphwanga, ine ndisiyanako pang'ono ndi abale awa. Buledi ndi wabwino kuphunzira koma si iye amene akukudyera ndalama, buledi wa mu shopu ndi wotchipa. Chikukudyera ndalama ndi kufika panyumba ndi njala popanda ndiwo zakupsa. Ndiye yamba ndi nyemba. Tsiku la off phika poto wamkulu wa nyemba ndi wina wa nkhuku kapena nyama, ugawe mu timakontena tating'ono ta kudya kamodzi kamodzi, mu freezer. Ukabwera ku ntchito chako ndi kuvundula nsima ndi kukazinga masamba, mphindi 30 wadya. Kabokosi kako kamodzi kaja kakwana ukaika mu timapulasitiki tophwatalala m'malo mwa makontena.

Nyemba uziviika usiku wonse, utaye madzi ake, uwiritse ndi atsopano. Kuno ku Johannesburg tili pamwamba kwambiri, kupitirira mamita 1,700, madzi awira asanafike madigiri 100 ndiye nyemba zichedwa kupsa kuposa ku Chipata, ine ndinagula pressure cooker, poto wotsekera nthunzi mkati wopsetsa msanga, ndipo ndi chinthu chimene ndingauze aliyense kuti agule asanagule TV. Kwanuko funa pinto kapena borlotti, ndizo ziyandikira nyemba za kwathu. Zofiira zija za kidney ziwire mwamphamvu mphindi 10 zoyamba usanachepetse moto, usaziike zaziwisi mu slow cooker, poto wamagetsi uja wophika pang'onopang'ono, zitsegula m'mimba koopsa. Tomato uthire zitafewa kale.

Ndipo ngati ufuna chomwera tiyi chosavutitsa, bwanji chikondamoyo? Unga womwewo wa nsima makapu awiri, fulawa kapu imodzi, nthochi zitatu zakupsa kwambiri zakuda makoko uzikanye, shuga pang'ono, mchere, soda tiyisipuni imodzi, dzira, saladi pang'ono, ndi mkaka wowawasa mpaka chikhale chiphala cholimba. Kuno tithira amasi, kwanuko buttermilk, ukasowa finyira ndimu sipuni imodzi mu kapu ya mkaka udikire mphindi 10. Soda afuna chowawasa kuti agwire ntchito, popanda icho chikondamoyo chimveka sopo. Uvuni pa 180, mphindi 40, ubaye ndi mpeni pakati utuluke wouma. Chikhala masiku angapo ndipo chigwira m'mimba, kagawo kamodzi ndi tiyi pa break ya 3 koloko usiku ufika nako m'mawa.

Mwana wa ku Kapata:

Zikomo kwambiri anti, asisi ndi amalume, ndalemba zonse mu kabuku. Unga woyera ndaupeza lero mu shopu ina ya anthu a ku Ghana, unali pansi penipeni kuseri kwa mpunga, ndipo delele analinso momwemo. Masikono ndabeka masana ano atuluka ofewa, mnzanga wa ku Philippines amene tikhala naye wadya awiri ndi kupempha muyezo. Buledi ndikanda mawa madzulo ndiike mu filiji monga mwanenera.

Chatsala ndi nsinjiro, ine ndiwo zotendera ndiye moyo wanga. Kodi peanut butter ingalowe m'malo? Komanso msuweni wanga abwera mwezi wamawa kuchokera ku Lusaka, amama afuna kumupatsira kapenta, nyama yowamba, mfutso ndi njere za maungu, kodi pa airport alola?

Wa ku Lundazi ali ku Calgary:

Asisi peanut butter itendera inde mukasowa, bola ikhale ija yopanda shuga, muwerenge kuseri kwa botolo pakhale nshawa zokha kapena ndi mchere. Koma kakomedwe kasiyana chifukwa ija ndi ya nshawa zokazinga, nsinjiro yeniyeni ndi ya zaziwisi. Ine ndigula nshawa zaziwisi za khungu lofiira kwa amwenye, zifanana ndi mtundu uja wa MGV4 wa ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi kufupi ndi Chipata, ndisankha kuchotsa zofota ndi za chuku, ndiziika mu freezer kanthawi zizizire, ndiye ndigaya mu kachigayo ka khofi. Chinsinsi ndi kugaya modukiza, kudina kusiya kudina kusiya, mukangogwiriza mafuta atuluka ndipo mupeza chimponde m'malo mwa nsinjiro. Musefe, zokhala pa sefa mubwezerenso. Gayani zochepa, zotsala mu freezer, nsinjiro siichedwa kununkha mafuta.

Potendera masamba awire kaye ndi madzi ochepa ndi tomato, nsinjiro muthire pamwamba muvundikire osatakasa, ikanyowa ndi nthunzi ndiye mutakase, moto wochepa mphindi 15 kapena kuposa mpaka fungo lauwisi lithe. Ndi kandolo chimodzimodzi mupanga futali, ngakhale kandolo wa kuno wofiira mkati ndi wamadzi, funani woyera mkati ku mashopu a ma Caribbean kapena ma Chinese.

Chimodzi chofunika, kunja kuno anthu ambiri nshawa ziwadwalitsa moopsa, ena mpaka kubanika. Funsani anzanu atatu a m'nyumbamo musanayambe kugaya, tsukani ziwiya bwino, ndipo ku ntchito kwa okalamba musatengereko zotendera musanafunse. Komanso mukapeza muyezo pa intaneti wolemba 350 kapena 400 musadabwe, ndi Fahrenheit ya kuno, 350 ndi 180 yanu, 400 ndi 200.

Anti a ku Katete:

Mwana wanga za pa airport uwauze amama bwinobwino asataye ndalama. Nyama ya mtundu uliwonse kuchokera kwathu siloledwa kulowa kuno, ngakhale yowamba youma gwa, mkaka ndi zamkaka chimodzimodzi, akazipeza alanda ndipo msuweni wako angalowe m'mavuto. Nsomba zouma alola, malire ake ndi 20 kg pa munthu, ndiye kapenta abwere, wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu, ndipo ngati adzera msewu wa Great East atengeko ndi nsomba zowamba pa Luangwa Bridge. Amange mu mapulasitiki awiri atatu zisanunkhitse zovala, zikafika uziike mu freezer. Njere zofesa komanso masamba zili ndi malamulo ake a mapepala, msuweni wako awerenge pa gov.uk, webusaiti ya boma la kuno, asananyamuke popeza malamulo asintha, ndipo chilichonse chimene akukayikira anene yekha kwa a customs, asabise. Kapenta akatha usadandaule, mashopu a anthu a ku Kenya ndi Uganda agulitsa omena ndi mukene, tinsomba tofanana ndi kapenta, ma Chinese ali ndi anchovies zouma koma izo mchere ndi wambiri, uziviike kaye. Pokazinga tsegula windo ndi kuyatsa fan ya pamwamba pa sitovu, fungo la kapenta likhalira mu makatani ndipo anzako sanalizolowere.

Njere za maungu usavutitse nazo amama, kuno zili mu garden centre iliyonse ndipo dzungu lililonse lipatsa chibwabwa. Ufese mu timakapu pa windo mwezi wa April, utulutse panja kumapeto kwa May kapena kuyamba kwa June chisanu chitatha, ngakhale mu chidebe chachikulu kuseri kwa nyumba zimera bola manyowa ndi madzi. Nkhono za kuno ndizo mdani, zidya mbande usiku umodzi, ndiye uzitulutse zitakulako. July mpaka September uthyola nsonga ndi masamba anthete sabata iliyonse, usadzule monga kwathu. Zikachuluka uviike mu madzi owira mphindi ziwiri, uziziritse, ufinye, uumbe timipira uike mu freezer, dzuwa la kuno silingaumitse mfutso. Ine ndili ndi kamunda ka lendi ka council, allotment, ndinadikira pa mndandanda nthawi yaitali ndiye ngati uona kuti ukhalitsa ku Leeds kalembetse manje. Chaka chino ndadzalanso mpiru ndi bondwe, bondwe afuna kutentha ndiye ndamuika mu kanyumba ka pulasitiki. Ukabwera ku Luton usatenge kalikonse, ubwere ndi chikwama chozizira chabe, timipira ta chibwabwa ta chaka chatha tikalipo.

Wobeka wa ku Mchini:

Asisi ndaiwala chimodzi, mbale yoika mu filiji ija ikhale yaikulu kawiri kuposa mtanda ndipo muvundikire ndi pulasitiki osati nsalu, apo ayi pamwamba pauma khungu. M'mawa akatuluka wozizira kufufuma kwachiwiri kutenga nthawi, mwina ola ndi theka kapena awiri, musamuponye mu uvuni asanatulukire pa chitini. Mukadina ndi chala dzenje libwerere pang'onopang'ono, ndiye wakonzeka. Mutitumizireko chithunzi mutadula pakati, ndikaona mabowo a mkati ndidzakuuzani ngati madzi achepa kapena achuluka.